Kwa Yamikani, za mabuku 7 aja ndi kalata ya Yakobo

Wokondedwa mwana wanga Yamikani,

Kuno tadzuka bwino. Amayi ako chifuwa chija chinawasiya, ndipo ayambanso kupita kudimba. Uwapatse moni amake Tadala ndi adzukulu anga onse.

Mawu amene unanditumizira pa WhatsApp Lamulungu usiku ndawamvetsera katatu. Sindinafune kukuyankha pafoni, chifukwa nkhani yotere ikamakambidwa mayunitsi akutha, munthu umathamanga n'kusiya zofunika m'mbuyo. Ndalemba m'kope, mlongo wako ajambula masambawa n'kukutumizira. Uwerenge utakhala pansi.

Wandiuza kuti Tadala anaika Baibulo lako pafupi ndi la amayi ake, nayamba kuwerenga mayina a mabuku. Kwako anapeza 66, kwa amayi ake 73. Atakufunsa, unamuyankha kuti Akatolika anawonjezera mabuku awo. Amake Tadala sanakutsutse pamaso pa mwana, ndipo pamenepo anakulemekeza. Koma usiku anakuonetsa zimene ena amanena, zoti Martin Luther ndiye anachotsa mabuku m'Baibulo, ndiponso kuti ananyoza kalata ya Yakobo. Iwe utafufuza unapeza kuti mawu onyozawo analembadi. Tsopano wati patha masabata atatu usanatsegule Baibulo, ndipo funso lako ndi lakuti, ngati munthu mmodzi angathe kusankha mabuku, ndiye kuti bukuli ndi la Mulungu kapena la Luther?

Ndiyambe ndi mlandu wanga. Yankho limene unapatsa Tadala unalitenga kwa ine. Ndine ndinakuuza choncho uli mnyamata, tsiku lina tikuchokera kumaliro kumene ansembe anawerenga buku limene iwe sunalidziwe. Ndinakupatsa yankho lalifupi chifukwa linali losavuta ndiponso linkatikomera ife. Pambuyo pake nditawerenga mbiri ya mpingo ndinadziwa kuti ndinakuuza theka la nkhani, koma sindinabwerenso kudzakonza. Lero theka limene ndinakubisiralo lakupeza m'nyumba mwako, pamaso pa mkazi wako. Undikhululukire, mwana wanga.

Mabuku amene ali m'Baibulo la amake Tadala koma mwako mulibe ndi Tobiti, Yuditi, Luntha la Solomoni, Sira, Baruki ndi mabuku awiri a Amakabeo, kuphatikizapo zigawo zina zowonjezera pa Estere ndi Danieli. Onsewa ali mbali ya Chipangano Chakale. Ku Chipangano Chatsopano ife ndi iwo tili ndi mabuku ofanana, 27. Mabuku 7 amenewa analembedwa ndi Ayuda Yesu asanabadwe, choncho panalibe Mkatolika kapena wa Lutheran woti n'kuwapeka. Ayuda amene ankakhala ku Alexandria, ku Egypt, anamasulira Malemba awo m'Chigriki, ndipo mabuku enawa ankayenda limodzi ndi Malemba a Chigrikiwo. Akhristu oyamba ambiri ankawerenga Chigriki, ndiye anawalandira pamodzi. Koma mu mndandanda wa Chihebri umene Ayuda anasunga, mabukuwa sanalowemo.

Apa m'pamene panagona mkangano, ndipo unayamba zaka zoposa 1,000 Luther asanabadwe. Jerome, amene anamasulira Baibulo m'Chilatini ali ku Betelehemu cha m'ma 400, ankati mabuku a Chihebri okha ndiwo oyenera kukhazikitsira chiphunzitso, enawo mpingo uziwawerenga kuti anthu alimbikitsidwe. Augustine, bishopu wa ku Hippo kumpoto kwa Africa kuno, ankawawerengera onse pamodzi, ndipo misonkhano ya ku Hippo mu 393 ndi ku Carthage mu 397 inatsata maganizo amenewo. Maganizo awiriwa anayenda limodzi mu mpingo umodzi zaka mazanamazana. Ngakhale m'masiku a Luther, Kadinala Cajetan, yemwe anatumidwa ndi Papa kukamufunsa mlandu Luther ku Augsburg mu 1518, pa nkhani ya mabukuwa ankagwirizana ndi Jerome. Anthu ambiri a mbali zonse ziwiri sadziwa zimenezi.

Chimene chinatenthetsa nkhaniyi ndi mtsutso wa ku Leipzig mu 1519. Johann Eck pofuna kutsimikizira za puligatoliyo, kumene Akatolika amati mizimu ya akufa imayeretsedwa isanalowe kumwamba, anatchula 2 Amakabeo mutu 12, pamene Yuda Makabeo anasonkhetsa ndalama n'kuzitumiza ku Yerusalemu kuti aperekere nsembe asilikali amene anafa. Luther anayankha kuti bukulo silili mu mndandanda wa mabuku okhazikitsira chikhulupiriro. Sindikubisa, yankholi linkamuthandiza pa mtsutsowo, ndipo munthu woona mtima ayenera kuvomera kuti anali ndi chifukwa chake cholikondera. Koma sanalipeke yekha, analipeza kwa Jerome.

Tsono taona chimene anachita Baibulo lonse la Chijeremani litatuluka mu 1534. Mabuku aja sanawataye. Iye ndi anzake anawamasulira, nawasonkhanitsa pamodzi pakati pa Chipangano Chakale ndi Chatsopano, pamwamba pake nalembapo kuti awa ndi mabuku osalingana ndi Malemba Oyera, komabe ndi othandiza ndi abwino kuwerenga. A Lutheran a ku Germany anakhala nawo m'mabaibulo awo mibadwo yambiri. Abusa ankawatchula m'maulaliki. M'busa wina wa ku Eilenburg, Martin Rinkart, pa nthawi ya nkhondo ya zaka 30 imene inasakaza dziko lawo, anapeka nyimbo yoyamika Mulungu imene mpaka lero imaimbidwa m'mipingo yambiri padziko, ndipo mawu ake anawatenga pa Sira mutu 50. Ku mbali ya Akatolika, msonkhano wa ku Trent pa 8 April 1546 unalamula kuti mabuku onsewo alandiridwe mofanana ndi ena, ndipo wokana akhale wotembereredwa. Luther anali atamwalira pa 18 February chaka chomwecho. Apo m'pamene njira zinapatukirana, pamene kale zinkayenda moyandikana.

Ndiye ukati Akatolika anawonjezera, walakwa, chifukwa mabukuwo ankawerengedwa kale mu mpingo. Wina akati Luther anachotsa, nayenso walakwa, chifukwa munthu samasulira ndi kusindikiza chinthu chimene akuchitaya. Amene anawachotsadi pakati pa zikuto ndi osindikiza a pambuyo pake. Mu 1826 bungwe la British and Foreign Bible Society linagamula kuti ndalama zake zisagwirenso ntchito yosindikiza mabukuwa, ndipo mabaibulo ambiri amene amishoni anabwera nawo ku Africa anatsata lamulo limenelo. Buku Lopatulika lathu la mu 1922, limene amishoni a Dutch Reformed ndi a ku Scotland anamasulira pamodzi ndi makolo athu, linatuluka ndi mabuku 66. Ife a Lutheran kuno tinabwera mochedwa, tinapeza Baibulo lili kale m'manja mwa anthu, ndipo tinangolilandira. N'chifukwa chake iwe unakula osamuonapo Tobiti. Buku Loyera la mu 1998, limene Akatolika ndi Apulotesitanti anamasulira limodzi, limapezeka mitundu iwiri, lina lokhala ndi mabuku aja, lina lopanda. Mmodzi mwa amene anathandiza pa ntchitoyo ndi Ernst Wendland, amene ankaphunzitsa pa seminale ya Lutheran ku Lusaka.

Ine mabukuwa ndawawerengapo m'Chingerezi, ndipo ndikukuuza kuti usawaope. Sindikhazikitsirapo chiphunzitso, pamenepo ndili ndi Jerome ndi Luther. Koma popanda Amakabeo sungadziwe kumene chinachokera chikondwerero chokonzanso Kachisi chimene Yesu anali nacho pa Yohane 10:22. Ndipo ukawerenga za mayi ndi ana ake 7 amene anaphedwa chifukwa chokana kuswa chilamulo, pa 2 Amakabeo mutu 7, udzamva bwino anthu amene Ahebri 11:35 akuwanena, aja anakana kumasulidwa kuti akalandire kuuka kopambana.

Tsopano ndifike pamene pakukupweteka kwenikweni, pa Yakobo. Apa sindimutchinjiriza Luther.

Mu September 1522 linatuluka Chipangano Chatsopano chimene anamasulira akubisala ku Wartburg. Pa tsamba la mayina a mabuku anapatsa manambala mabuku 23. Anayi otsala, Ahebri, Yakobo, Yuda ndi Chivumbulutso, anawaika kumapeto, anasiya mpata, ndipo sanawapatse manambala. M'mawu ake oyamba anatchula mabuku amene ankawaona ngati mtima wa Chipangano Chatsopano: Uthenga wa Yohane ndi kalata yake yoyamba, Aroma, Agalatiya, Aefeso ndi 1 Petro. Kenako anati poyerekeza ndi amenewa, kalata ya Yakobo ndi ya udzu. Zimenezo analembadi, ndipo aliyense wokuuza kuti ndi bodza la adani akukunamiza. Za Ahebri ankati sanalembe ndi Paulo, ndipo ankavutika ndi mutu 6 ndi 10 pamene pakuoneka ngati wochimwa atabatizidwa alibenso mwayi wolapa, ngakhale ankayamikira kwambiri mmene kalatayo ikufotokozera unsembe wa Khristu. Za Yuda ankati ikubwereza 2 Petro ndipo ikutchula nkhani zosapezeka kwina m'Malemba. Za Chivumbulutso ananena poyera kuti mzimu wake sukugwirizana nalo bukulo.

Uyenera kudziwa chimene chinamufikitsa pamenepo. Munthuyu anakhala zaka zambiri m'nyumba ya amonke akudzizunza ndi kusala, kuulula machimo mpaka wolandira kuulula kutopa naye, koma mtendere osaupeza. Anaupeza mu Aroma, pamene anamva kuti chilungamo cha Mulungu ndi mphatso imene munthu amalandira pokhulupirira Khristu. Pa Aroma 3:28, pamene Paulo akuti munthu ayesedwa wolungama ndi chikhulupiriro popanda ntchito za lamulo, Luther anaikapo liwu lakuti “chokha”, limene m'Chigriki mulibe, ponena kuti Chijeremani chimafuna liwulo kuti tanthauzo limveke. Ndiyeno otsutsana naye ankamutsegulira Yakobo 2:24, pamene akuti munthu ayesedwa wolungama ndi ntchito, osati ndi chikhulupiriro chokha. Ndi malo okhawo m'Chipangano Chatsopano cha Chigriki pamene mawu akuti chikhulupiriro chokha akupezeka motero, ndipo akupezeka powakana. Munthu amene anapsa ndi moto amaopa ngakhale phulusa. Luther ankamva ngati Yakobo akumubwezera m'ndende imene anatulukamo. Muyeso wake unali wakuti buku lautumwi ndi limene limalalikira Khristu, ndipo anaona kuti Yakobo sakunena za imfa ndi kuuka kwa Ambuye.

Ndikumvetsa bala lake, koma pa Yakobo analakwa. Ndipo si ine woyamba kunena. Mnzake wa pa yunivesite yomweyo ya Wittenberg, Andreas Karlstadt, analemba mu 1520 kuikira kumbuyo kalatayo. Philip Melanchthon, polemba mu 1531 chitetezo cha Chivomerezo cha Augsburg, chikalata chofotokoza chikhulupiriro cha a Lutheran, sanamutaye Yakobo. Anamufotokoza kuti akunena za chikhulupiriro chakufa, cha pakamwa pokha, chimene ngakhale ziwanda zili nacho, pamene Paulo akunena za chikhulupiriro chamoyo. Paulo akuyankha munthu amene akufuna kugula chipulumutso ndi ntchito zake. Yakobo akuyankha munthu amene akuti ndapulumuka koma m'bale wake akugona ndi njala pakhomo pake. Sing'anga mmodzi angathe kuuza wodwala wina kuti idya, wina kuti sala, osadzitsutsa.

Chimene chimandikhudza n'chakuti Luther yemweyo, m'Chipangano chomwecho cha 1522, m'mawu oyamba a kalata ya Aroma, analemba kuti chikhulupiriro ndi chinthu chamoyo, chotanganidwa, chimene sichifunsa ngati ntchito zabwino ziyenera kuchitika koma chimakhala chitazichita kale, ndipo kulekanitsa ntchito ndi chikhulupiriro n'kosatheka monga kulekanitsa kutentha ndi kuwala pa moto. Amenewotu ndi maganizo a Yakobo. Ankalalikira chimene Yakobo analemba, koma akachipeza mwa Yakobo ankachiona ngati mdani. Ndipo iwe ukukumbukira Katekisimu Wamng'ono amene unaloweza usanalandire Mgonero. Pa pempho lachisanu ndi chimodzi la Pemphero la Ambuye, tanthauzo lake limayamba ndi kunena kuti Mulungu sayesa munthu aliyense. Katsegule Yakobo 1:13. Luther anaika mawu a kalata imeneyo m'kamwa mwa mwana aliyense wa Lutheran kuyambira 1529 mpaka lero. Mawu aja a udzu sanapitirire kusindikizidwa m'mabaibulo ake a pambuyo pake, ndipo mawu oyamba a Chivumbulutso anawalembanso mwaulemu mu 1530. Komabe sindikunamiza kuti anasintha mtima kotheratu pa Yakobo, chifukwa mpaka ukalamba ankamudandaulabe. Chimene sanachite n'kumutulutsa. Analemba yekha kuti saletsa wina aliyense kuilemekeza kalatayo mmene afunira.

Nanga mpingo umene ukutchedwa ndi dzina lake unatani? Sunamutsate. Buku la zivomerezo zathu, limene linasonkhanitsidwa mu 1580, limanena kuti zolemba za aneneri ndi atumwi za Chipangano Chakale ndi Chatsopano ndizo muyeso wokha woyesera ziphunzitso zonse ndi aphunzitsi onse, ndipo zolemba zina, za akale kapena atsopano, zili pansi pake. Aphunzitsi onse, mwana wanga, ndiye kuti ndi Luther yemwe. Bukulo silinalembe n'komwe mndandanda wa mabuku monga anachitira a ku Trent, ndipo maganizo a Luther pa Yakobo silinawasandutse lamulo. Martin Chemnitz, amene analemba mabuku akuluakulu oyankha msonkhano wa ku Trent pakati pa 1565 ndi 1573, anabwerera ku umboni wa mpingo wakale. Eusebius wa ku Caesarea, cha m'ma 300, anali atalemba kale kuti pali mabuku amene mipingo yonse inkavomereza, ndipo pali ena amene mipingo ina inkakayikira. Osakayikitsa ndi 20: Mauthenga anayi, Machitidwe, makalata 13 a Paulo, 1 Petro ndi 1 Yohane. Amene anakayikiridwapo kwina ndi kwina ndi 7: Ahebri, Yakobo, 2 Petro, 2 ndi 3 Yohane, Yuda ndi Chivumbulutso. Mndandanda wa mabuku 27 monga tili nawo lero timaupeza koyamba m'kalata ya Pasaka ya Athanasius wa ku Alexandria ya mu 367. Langizo la Chemnitz linali lakuti usamange chiphunzitso pa buku lokayikiridwa lokha, chikhale ndi mboni m'mabuku osakayikitsa aja. Aphunzitsi a pambuyo pake, monga Johann Gerhard, anapitirira n'kunena kuti chokayikitsa chinali dzina la wolemba, osati kuti mawuwo ndi a Mulungu kapena ayi.

Apa ndi pamene pali yankho la funso lako. Baibulo likanakhala la Luther, bwenzi lero Yakobo mulibe. Alimo, timamuwerenga paguwa, ndipo amatidzudzula. Luther mwiniwake ku Worms mu 1521 anati chikumbumtima chake n'chomangidwa ndi Mawu a Mulungu, ndipo apapa ndi misonkhano amalakwa. Otsatira ake anangotenga mawu amenewo n'kumuyesera nawo iye mwini.

Mwina unena kuti, chabwino, si Luther, koma ndi anthu ndithu amene anasankha, kaya ndi Athanasius kaya ndi mabishopu a ku Carthage. Ndinavutika nalo funso limeneli zaka zingapo. Chimene chinandikhazika mtima pansi n'kuona dongosolo la nthawi. Mipingo inkawerenga Mateyu ndi Aroma pa mapemphero, anthu ankabatizidwa ndi kuphedwa chifukwa cha mawu amenewo, zaka zoposa 200 msonkhano uliwonse usanalembe mndandanda. Pabwalo la mfumu, mboni ikanena kuti malire a munda ali pa mtengo wa mpoza uja, si mboniyo imene yadzala mtengowo. Misonkhano inali mboni. Pamene mboni zonse zinagwirizana, tilibe chokayikira. Pamene zinasiyana, makolo athu m'chikhulupiriro anatiuza poyera kuti apa tinasiyana, sanafufute. Ine ndimakhulupirira kwambiri anthu amene amandionetsa ndi pamene anakayikira, kusiyana ndi amene amati zonse zinagwa kumwamba zitasokedwa kale ndi chikuto chakuda.

Pali mkangano wina wa a Lutheran umene udzakumane nawo ukamafufuza, ndipo usausakanize ndi uwu. Woyamba uja ndi wakuti ndi mabuku ati. Wachiwiri ndi wakuti mabuku amene tavomerezawo tiwakhulupirire mpaka pati. Unayambira m'mayunivesite a ku Germany, pamene anthu ngati Johann Semler wa ku Halle, m'zaka za m'ma 1770, anayamba kusiyanitsa Malemba ndi Mawu a Mulungu, kuti Baibulo lili ndi Mawu a Mulungu mkati mwake koma si lonse. Ku America unaphulika mu mpingo wa Lutheran wotchedwa sinodi ya Missouri. Pa seminale yawo ya Concordia ku St. Louis, aphunzitsi ambiri ankalola kuti Adamu ndi Hava kapena nkhani ya Yona zikhoza kukhala mafanizo osati mbiri, bola Uthenga Wabwino wa Khristu usungidwe. Mtsogoleri wa sinodi, J. A. O. Preus, analamula kafukufuku, msonkhano wa ku New Orleans mu 1973 unatsutsa chiphunzitsocho, ndipo mkulu wa seminale, John Tietjen, anaimitsidwa mu January 1974. Pa 19 February chaka chomwecho aphunzitsi 45 mwa 50 ndi ophunzira ambiri anatuluka pa sukulupo n'kukayamba seminale yawo. Mipingo ina inachoka, ndipo pambuyo pake inalowa nawo mu mpingo wa Evangelical Lutheran Church in America (ELCA) umene unayamba mu 1988. Sinodi ya Wisconsin inali itasiyana kale ndi Missouri mu 1961. Mafunde a zimenezi anafika ndi kuno. Lutheran Church of Central Africa, imene inafika m'Malawi mu 1963 kudzera ku Zambia, inachokera ku Wisconsin, pamene Evangelical Lutheran Church in Malawi, imene inayamba mu 1982, ili mu Lutheran World Federation. N'chifukwa chake umaona zikwangwani ziwiri za Lutheran m'tauni imodzi.

Amene anatuluka ku St. Louis aja ankagwiritsa ntchito muyeso wa Luther womwe uja, woti chofunika ndi chimene chimalalikira Khristu. Ine pa mkanganowu ndili ndi amene anati Malemba onse ndi Mawu a Mulungu, ngakhale ndimamva chisoni ndi mabanja ndi maubwenzi amene anasweka, ndipo sindikhulupirira kuti onse otuluka anali osakhulupirira. Chifukwa changa n'chakuti Khristu amene ndimamudziwa ndinamudziwira m'Malemba omwewo. Ndikayamba kusankha ndime zimene zikumulalikira ndi zimene sizikumulalikira, ndi muyeso wa mutu wanga, posakhalitsa ndidzatsala ndi Khristu wofanana ndi ine, amene sanditsutsa pa chilichonse. Muyeso wa Luther ndi wabwino ukakhala nyali yowerengera buku lililonse kuti upezemo Khristu. Ukasanduka chikwanje chodulira mabuku, ndi woopsa.

Ndipo chikwanje chimenecho tonse tili nacho, ngakhale ife amene timalumbira kuti timakhulupirira mabuku onse 66. Alipo alaliki amene Baibulo lawo lonse ndi Malaki 3:10. Alipo ena amene sachoka mu Danieli ndi Chivumbulutso. Langa ine, ukaliyang'ana m'mbali litatsekedwa, masamba a Aroma ndi Agalatiya ndi akuda ndi zala, koma a Yakobo anakhala oyera zaka zambiri. Sindinamutchulepo kuti udzu, koma ndinkamudumpha.

Unali wamng'ono m'chaka cha njala cha 2002, mwina sukumbukira bwino. Tinali ndi matumba angapo m'chipinda, ndipo ndinkawerengera tsiku ndi tsiku ngati atifikitse pokolola. Madzulo ena kunabwera mayi wamasiye wa mu mpingo mwathu, mwana kumsana, kudzapempha ngakhale madeya okha. Ndinamuuza kuti zinthu zavuta paliponse, ndinapemphera naye pakhonde, ndipo anapita chimanjamanja. Ndinali mkulu wa mpingo, ndipo chiphunzitso cha kulungamitsidwa ndi chikhulupiriro ndinkachifotokoza bwino kuposa ambiri. Usiku umenewo amayi ako sanandikalipire. Anangotenga Baibulo langa lomwelo, natsegula Yakobo 2:15-16, nandipatsa. Pamenepo akunena za m'bale kapena mlongo wausiwa ndi wosowa chakudya, wina n'kumuuza kuti pita ndi mtendere, ukafunde, ukakhute, koma osamupatsa kanthu. Ndinaona khonde langa m'ndime imeneyo. M'mawa kusanache tinasenza ufa kupita nawo kwa mayi uja. Mwanayo anachira, lero ndi bambo wa ana awiri. Koma usiku umenewo, amene anandithamangitsira kwa Khristu kukapempha chikhululukiro anali Yakobo, ndipo amene ananditsimikizira kuti ndakhululukidwa anali Paulo. Kuyambira pamenepo sindinawaonenso ngati adani.

N'chifukwa chake masabata atatu akowo akundidetsa nkhawa kuposa mafunso ako. Mafunso ndi abwino, safunsa anadya phula. Koma funso la Baibulo silingayankhidwe Baibulo lili chitsekere. Anthu a m'mavidiyo, a mbali yathu ndi a mbali inayo, amatola chiganizo chimodzi cha munthu amene analemba mabuku ambirimbiri n'kuchikuwa kwa mphindi zitatu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tenga Aroma mutu 3 ndi 4, kenako Yakobo mutu 2. Onse awiri akunena za Abrahamu ndipo onse akutchula Genesis 15:6. Uone kuti Paulo akuima pa tsiku limene Abrahamu anakhulupirira lonjezo, pamene Yakobo akuima pa phiri la Moriya, zaka zambiri pambuyo pake, pamene chikhulupiriro chija chinaonekera. Ukapeza pokuvuta pita kwa abusa ako, ndipo uwafunse mosabisa monga wandifunsira ine.

Kwa amake Tadala upepese. Unanena chinthu chosaona chokhudza mpingo wawo pamaso pa mwana wawo, ndipo iwo anakusungira ulemu. Uwauzenso kuti amene anakuphunzitsa zimenezo ndine, ndipo ndapepesa. Kusiyana kwathu ndi iwo kulipo ndithu, pa za kupempherera akufa, pa za ulamuliro wa Papa ndi misonkhano, ndipo sindikukuuza kuti ukubise kapena kuti usiye chimene unavomereza pa guwa. Koma musasandutse tebulo lodyera kukhala Leipzig. Muli ndi mabuku 66 ofanana m'nyumba imodzi, ambiri mwa iwo simunawawerengepo limodzi.

Tadala umuuze zoona zimene angathe kunyamula pa msinkhu wake: kuti mabuku 7 aja ndi akale, analembedwa ndi Ayuda oopa Mulungu, kuti mpingo wa amayi ake umawawerengera pamodzi ndi Malemba, ndipo mpingo wa bambo ake umati ndi abwino kuwerenga koma sukhazikitsirapo chiphunzitso. Akafunsa chifukwa chake, umuuze za Jerome ndi Augustine. Mwana amene wawerenga yekha mayina a mabuku mpaka 73 angathe kumva zimenezo.

Mukamabwera pa tchuthi cha Pasaka, uwapemphe amake Tadala atenge Baibulo lawo lija. Buku la Sira ndinaliwerenga m'Chingerezi chokha, ndipo ndikufuna adzandiwerengere mutu 50 m'Chichewa, maso angawa zilembo zing'onozing'ono ayamba kuzikana. Amayi ako akuti mtedza uja atumiza Lachisanu pa basi ya m'mawa, ukadikire kudepoti.

Ndine bambo ako.